Mawaya ndi kutentha kwa injini pa ndege yomangira pakhomo ya ku Luchenza

Bambo a Mphatso, Luchenza (Lolemba madzulo)

Moni nonse akuluakulu ndi achinyamata a pa gulu lino. Ambiri mukudziwa kuti chipumireni pa ntchito ya ku fakitale ya tiyi ndakhala ndikumanga ndege ya anthu awiri m'shedi ya kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chino ndi chachitatu. Ndege yake ndi Zenith CH 750, imene imabwera m'mabokosi kuchokera ku Missouri ku America, malata ake atadulidwa ndi kubooledwa kale, mwini wake n'kumalumikiza yekha. Injini ndi Rotax 912 ULS ya mahosipawa 100. Thunthu ndi mapiko zinatha, injini ndinaimangirira mu Ogasiti, ndipo masabata awiri apitawa ndayamba kuiliza ili pansi, mchira nditaumangirira ku chitsa cha bulugamu.

Zandizunguza mutu ndi ziwiri. Choyamba, ndikailiza masana kwa mphindi 12, madzi oziziritsa injini amafika madigiri 118, pamene buku la injini limaika malire pa 120, ndipo ndimathimitsa mtima uli m'mwamba. Chachiwiri, ndikangoyatsa nyali yoterera ya kuphiko, geji ya kutentha imalumpha madigiri 6 nthawi yomweyo, ndikaithimitsa n'kubwerera pomwe inali. Ndiulule kuti mawaya ambiri ndinagula m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto ku Limbe, ndipo ndinawamata ndi mtovu. Ndikuganiza zokulitsa bowo lolowera mpweya kutsogolo kwa chivundikiro cha injini, koma ndisanagwire sowo ndati ndifunse, pakuti safunsa anadya phula.

Amakanika a ku Chitakale

Bambo a Mphatso, ine ndege sindinaigwirepo, koma moyo wanga wathera pansi pa maboneti a minibasi zoyenda pakati pa Limbe ndi Muloza, ndipo kutentha kwa injini ndi matenda amene ndimachiza tsiku ndi tsiku. Za geji yolumphayo musavutike kufunsa kutali: imeneyo ndi efi, njira imene magetsi amabwerera nayo ku batire. Madzi sangatenthe madigiri 6 m'kuphethira kwa diso chifukwa cha nyali imene ili kunsonga kwa phiko. Fufuzani kumene waya wa efi wa geji wakathera, mukapeza kuti wadyera mbale imodzi ndi efi ya nyaliyo. Za kutenthako, kulitsani bowo monga mwaganizira, ndipo kuseri kwa rediyeta muikeko fani ya galimoto yaing'ono yokhala ndi swichi yakeyake. Za mawaya sindikuonapo vuto, chifukwa mkuwa ndi mkuwa, ndipo cholumikiza ndi mtovu sichimasuka.

Mayi a Tiyamike, kwathu ku Makwasa koma pantchito ku Blantyre

Ndayamba ndi kuvomereza amakanika pa za efi, chifukwa alasa penipeni. Masensa a kutentha a pa injini imeneyi ali ndi waya mmodzi yekha, ndipo njira yobwerera magetsi ndi thupi la injini lenilenilo. Sensayo ikamatentha, magetsi amadutsamo mosavuta, ndipo geji imawerenga kusinthako poyerekeza ndi efi yake. Tsono ngati efi ya geji yalumikizidwa pa waya amene akubweza magetsi a nyali, nyaliyo ikayaka efi ya geji imakwera pang'ono kuposa thupi la injini, geji n'kunamizidwa kuti madzi atentha. Mankhwala ake ndi kukhala ndi malo amodzi okha a efi pa chipupa chotchinga moto (lata lolekanitsa injini ndi pokhala anthu), bawuti imodzi yodutsa mbali zonse ziwiri, kumene kukumane waya wamkulu wochokera ku batire, lamba wamkulu wochokera ku thupi la injini, ndi efi ya chipangizo chilichonse payokhapayokha. Musadalire zitsulo zomangirirapo injini kuti zibweze magetsi, popeza pakati pake pali labala woletsa kunjenjemera. Lamba wa efi akasowa, magetsi a sitata amafuna njira ina, ndipo amatha kudutsa m'makebulo a mafuta kapena m'timawaya ta masensa n'kutiwotcha.

Zimenezi zikutanthauzanso kuti madigiri 118 amene mukuwaona sitingawakhulupirire mpaka efi itakonzedwa. Chonde sowo ibwerere pa msomali. Pa za fani ndi za mawaya a galimoto ndikusiyana nawo amakanika, ndipo ndifotokoza ndikaweruka.

Wophunzira wa ku Ndata

Zikomo amayi. Ine ndine mwana pa zimenezi, ndikuphunzira uinjiniya chaka chachiwiri ku MUST. Funso langa ndi lakuti, injini imene ili ndi rediyeta ikusowanso chiyani mpweya wozungulira masilinda, popeza pa zithunzi zimene malume a Mphatso anaika mwezi watha ndinaona kuti masilinda ake ali ndi zipsepse ngati a njinga yamoto?

Achimwene a ku Joni, kwathu ku Limbuli

Mng'ono wanga wa ku Ndata wafunsa bwino. Ine ndimagwira ntchito m'shedi ya ndege zing'onozing'ono kunja kwa Johannesburg, ndipo injini zimenezi, zopangidwa ku Gunskirchen m'dziko la Austria, ndi zimene timazigwira kwambiri, chifukwa ndi zomwenso zili pa ndege za Sling 2 zopangidwa konkuno ku Tedderfield. Injiniyi imazizira m'njira zitatu nthawi imodzi: mitu ya masilinda imazizira ndi madzi, masilinda enieniwo ndi mpweya wodutsa m'zipsepse, ndipo oyilo, amene amakhala m'thanki yakeyake kunja kwa injini, ali ndi karediyeta kake. Njira imodzi ikalephera, zinazo zimasenza katundu wosayenera.

Bambo a Mphatso, ndayang'anitsitsa zithunzi zanu ndipo ndaona chimene ndimachiona kawirikawiri. Pakati pa bowo la chivundikiro ndi rediyeta mwasiya mpata wolowa zala zitatu mbali zonse. Inu munagwira ntchito ku esiteti, mukudziwa zimene madzi a m'ngalande amachita akapeza una wa mfuko: amathawira momwemo, mbewu za kumapeto n'kumafota. Mpweya nawonso umatero. Kudutsa m'timabowo ta rediyeta n'kovuta, kulambalala m'mbali n'kosavuta, choncho umalambalala, ndipo choipa koposa n'chakuti mpweya wolambalalawo ukadzaza kuseri kwa rediyeta umatsekereza ngakhale wochepa uja umene ukanadutsa. Chimene chimakankha mpweya kudutsa m'rediyeta si kukula kwa bowo ayi, koma kusiyana kwa kupanikizika pakati pa kutsogolo ndi kuseri kwake. Mukakulitsa bowo osatseka mipatayo, mudzangopopera mpweya wambiri m'chivundikiro chimene chilibe potulukira pokwanira, ndipo injini ikhoza kutentha kuposa lero.

Pangani kangalande ka malata kapena ka faibala kochokera pa bowo kukafika m'mphepete mwa rediyeta, ndipo pokumana pake muikepo labala wa silikoni wopirira moto, wopindikira kumene mpweya ukuchokera, kuti ukamakankha azimatirira m'malo motseguka. Kenaka gonani chagada pansi pa ndegeyo muone potulukira. Pa ndege yanuyo mwendo wa tayala lakutsogolo ndi mphika wa ekizozi zili pomwepo pakhomo potulukira mpweya. Mpweya wotentha umafutukuka, motero potulukira payenera kukula kuposa polowera, ndipo kamlomo kopindikira pansi m'mphepete mwa potulukirapo kamathandiza kuti mphepo yodutsa kunja izikoka mpweya wa m'katiwo. Ngati pali poti mudule, ndi kumeneko.

Amakanika a ku Chitakale

Achimwene, za ngalande ndazimva ndipo zandigwira mtima, chifukwa ngakhale pa minibasi, dalaivala akataya pulasitiki yozungulira fani ija injini imayamba kuwira pokwera mtunda wa ku Thyolo. Koma fani mayi a Tiyamike aikana chifukwa chiyani? Ndege ikaima pansi, mphepo ichokera kuti?

Mphunzitsi wa sayansi, Bvumbwe

Ndilowererepo ndi masamu, popeza ndiyo mbali yanga. Jenereta ya m'kati mwa injini imeneyi imapereka ma watt pafupifupi 250 injini ikamathamanga kwambiri, amene pa ma volt 14 ndi ma amp 18 okha, ndipo ikamalira pang'onopang'ono pansi imapereka ochepera pamenepo. Mwa ma amp 18 amenewo, wanzeru sagwiritsa onse. Amasiyako gawo loti batire lizidzadza. Tsopano werengani wayilesi, chipangizo chodziwitsa oyang'anira ndege kumene muli, magalasi a mageji, pampu ya petulo yamagetsi, nyali zothwanima, ndi nyali yoterera ija, imene ngati ili ya galimoto ya ma watt 55 imadya ma amp opitirira 4 yokha. Fani ya galimoto, ngakhale yaing'ono, ikhoza kudya pafupifupi theka la zonse zimene jenereta ingapereke, ndipo ingazidye pa nthawi imene jeneretayo ili yofooka. Kumwamba ikanakhala chotchinga chabe kuseri kwa rediyeta.

Chimene ndikufuna tichiganizire mofatsa ndi mpweya wa kwathu kuno mu Okutobala. Bwalo la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780 kuchokera pa nyanja yamchere. Pa msinkhu umenewo, mpweya umene opanga ndege amawerengera ndi wa madigiri 10, koma ife masana a mwezi uno timaona 33 kapena 34. Digiri iliyonse yoonjezera imapepukitsa mpweya ngati kuti mwakwera mamita ena pafupifupi 36, choncho ndege yoima pa Chileka masana otere imamva ngati ili pa mamita opitirira 1,600. Mpweya wopepuka umanyamula kutentha kochepa, ndiponso wabwera uli wotentha kale. Amene angatsikire ku Nchalo kapena ku Nsanje adzapeza mpweya wolemererako koma wopitirira madigiri 40. Ndege imene imazizira bwino ku Ulaya siyenera kuganiziridwa kuti izizira chimodzimodzi kuno popanda kuyesa.

Pali china. Mphamvu imene mphepo imakankhira pa bowo imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, kukankhako kumawirikiza kanayi. Pa makilomita 90 pa ola, kukankhako kungakweze madzi m'kapaipi masentimita atatu ndi pang'ono. Pa makilomita 130, pafupifupi masentimita 7. Ndege ya bambo a Mphatso inapangidwira kunyamuka pa kabwalo kakafupi ndi kukwera mwanjonjo pa liwiro lochepa, kutanthauza kuti pamene injini ikugwira ntchito yaikulu koposa ndi pamenenso mphepo ili yofooka koposa. Masentimita atatu amenewo ndi chuma chonse chimene muli nacho, ndipo mpata wa zala zitatu ukuchimwaza.

Wophunzira wa ku Ndata

Aphunzitsi, kodi kusiyanako kungayezedwe popanda zipangizo zodula?

Mphunzitsi wa sayansi, Bvumbwe

Kungayezedwe ndi kapaipi koonekera m'kati, konga ka diripi, kopindidwa ngati chilembo cha U pa thabwa lokhala ndi rula, mutathiramo madzi osakaniza ndi utoto pang'ono. Nsonga imodzi ikathere kutsogolo kwa rediyeta, inayo kuseri kwake, zonse zitakulungidwa ndi kasiponji kuti mphepo isawombe molunjika m'kamwa mwake. Kusiyana kwa msinkhu wa madzi mbali ziwirizo ndiko yankho. Ubwino wake ndi wakuti mukasintha chinthu chimodzi, mumaona ndi maso ngati mwapindula kapena mwataya, m'malo modikira geji.

Mayi a Tiyamike

Ndaweruka tsopano. Aphunzitsi ndi achimwene anena zambiri zimene ndikanati ndinene za mpweya, choncho ndingoonjezera za madzi, kenaka ndikhazikike pa mawaya.

Injini ya ndege siinapangidwe kuti izilira nthawi yaitali ili pansi. Mphindi 12 masana a Okutobala, chivundikiro chili chotseka, n'zambiri ndithu. Muziiliza m'mawa, mphuno italoza kumene mphepo ikuchokera, ndipo muzilemba kutentha kwa kunja pamodzi ndi kwa madzi ndi kwa oyilo mphindi iliyonse. Onaninso kuti kathanki kamene mapaipi anayi ochokera ku mitu ya masilinda amakumanamo kali pamwamba pa zonse ndipo n'kodzaza, chifukwa mpweya wotsalira m'mapaipi umalepheretsa pampu. Chitsekerero chake ndi cha 1.2 bar, ndipo ndicho chimachititsa kuti madzi osakaniza theka ndi theka ndi mankhwala a glycol asawire ngakhale atafika madigiri 120. Chitsekerero chotopa chimatsitsa malire amenewo mwakachetechete, ndipo ndege ikakwera, mpweya wakunja ukapepuka, amatsikanso. Amakanika andikhululukire, koma chizolowezi cha m'magalaja mwathu chothira madzi a pa mjigo chisafike pa injini iyi. Madzi ake akhale otchezedwa ngati a batire. Mapaipi onse a labala amasinthidwa pakatha zaka 5 ngakhale akuoneka abwino, ndipo popeza chino ndi chaka chachitatu ndege yanu ikumangidwa, lembani tsiku limene munawaika.

Tsopano mawaya. Mkuwa ndi mkuwa, zoona, koma chimene chimapha munthu m'ndege si mkuwa ayi, ndi chikopa chake. Waya wa galimoto amakutidwa ndi pulasitiki ya PVC, imene imafewa ikatentha, ndipo ikapsa imatulutsa utsi wakuda wokhala ndi asidi wotsamwitsa ndi wolasa m'maso. Minibasi ikafuka utsi, dalaivala amaima pambali anthu n'kutuluka. Bambo a Mphatso akadzakhala pamwamba pa minda ya tiyi, Sapitwa ali kudzanja lamanzere, adzafunika mphindi zingapo akuona bwino ndi kupuma bwino kuti apeze poterera. Waya wa ndege, amene nambala yake ndi M22759/16, amakutidwa ndi pulasitiki ya Tefzel yopirira madigiri 150, sapsa msanga, sanyuka msanga pokhuzana ndi malata, ndipo timinyewa take 19 tinakutidwa ndi tini. Tini ameneyu ndi wofunika kwathu kuno, kumene chinyezi cha chiperoni chimalowa paliponse ndipo mkuwa wosakutidwa umachita dzimbiri lobiriwira m'kati mwa chikopa momwe simungaone. Tengani kachidutswa ka waya wa mtundu uliwonse, muwotche panja ndi machesi, mudzadzionera nokha.

Za mtovu, cholumikiza chake sichimasuka, koma chimathyoka. Mtovu wosungunuka umakwera m'timinyewa ta waya n'kusandutsa kachigawo kofewa kukhala kolimba ngati msomali, ndipo pamene kulimbako kwathera ndi pamene kunjenjemera konse kumasonkhana. Patapita maola ambiri waya amaduka pomwepo, chikopa chili chilumikizire, vuto n'kumabwera ndi kupita. N'chifukwa chake timafinya ndi chopanira chokhala ndi mano, chimene sichitseguka mpaka chitafinya mokwanira, ndipo timagwiritsa timitu ta kunsonga kwa waya tokhala ndi kachitsulo kachiwiri kogwira chikopa cha waya. Pulayala wamba sagwira ntchito imeneyi. Mukafinya, kokani ndi mphamvu; chimene chavuka m'manja mwanu chikanavuka kumwamba.

Bambo a Mphatso

Mayi a Tiyamike, mawu anu andilasa koma ndi oona. Ndapita kushedi ndi tochi ndipo ndapeza monga ananenera amakanika: efi ya geji ndinailumikiza pa waya wobweza magetsi a nyali kuseri kwa mageji, chifukwa panali pafupi. Lamba wa ku injini ndinaika, koma pa bawuti yopakidwa penti. Tsono ndifunse mosabisa: kodi ndizule mawaya onse? Ntchito imeneyi inanditengera miyezi iwiri, ndipo waya wa Tefzel ku Limbe kulibe, pamene ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira.

Amakanika a ku Chitakale

Apa ndiwayankhulire bambo a Mphatso. Kodi sizingatheke kusintha a kutsogolo okha, kumene kuli moto, a m'kati n'kuwasiya?

Mayi a Tiyamike

Ndikanakonda kunena kuti zingatheke, koma a m'katiwo ndi amene ali pafupi ndi mphuno ya woyendetsa. Zulani onse, bambo. Mukayerekeza ndi mtengo wa injini yokha, mawaya a ndege yonse ndi kachigawo kakang'ono, ndipo lero mukhoza kufika paliponse ndi dzanja, pamene mukadzatseka pamwamba pa mageji mudzagwira ntchito yomweyo mutagona chagada miyendo ili pa mpando. Komanso musanatseke chilichonse lemberani a Malawi Civil Aviation Authority kuti akuuzeni magawo amene akufuna kuona ndi maso ndege isanalandire nambala yake ya 7Q, ndipo musaiwale kuti wayilesi ya ndege imafuna chilolezo cha MACRA. Woyendera aliyense amene wawerenga mutu 11 wa buku la FAA, bungwe loona za ndege ku America, lotchedwa AC 43.13-1B adzayang'ana mawaya poyamba.

Buku lomwelo limanena kukula kwa fyuzi kapena breaker (kaswichi kodula kokha magetsi akachuluka) pa waya aliyense. Pa breaker, waya wa nambala 22 amatetezedwa ndi ma amp 5, wa 20 ndi 7.5, wa 18 ndi 10, wa 16 ndi 15, wa 14 ndi 20. Nambala ikamachepa waya amanenepa. Fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya, osati wayilesi kapena nyali, choncho imasankhidwa poyang'ana kunenepa kwa waya, ndipo imaikidwa kumene magetsi akuyambira. Pa chifukwa chomwecho, swichi yaikulu yodula batire ikhale pafupi kwambiri ndi batirelo, kuti mukaithimitsa pasatsale waya wamkulu wamoyo wodutsa m'ndege.

Wophunzira wa ku Ndata

Amayi, ngati waya wa 20 amaloledwa ma amp 7.5, ndiye kuti nyali ya malume ya ma amp 4 ndi theka ikhoza kuyenda pa waya ameneyo?

Mphunzitsi wa sayansi, Bvumbwe

Sangapse, koma pali muyeso wachiwiri umene ophunzira amauiwala. Pa ndege ya ma volt 14, magetsi otayika m'njira sayenera kupitirira theka la volt pa chipangizo choyaka nthawi yaitali. Waya wa 20 amataya pafupifupi 0.033 volt pa mita iliyonse pa amp iliyonse. Kuchokera pa swichi kukafika kunsonga kwa phiko tinene kuti ndi mamita 6; chulukitsani 6 ndi 0.033 ndi 4.5, mupeza pafupifupi 0.9, zimene zapyola malire, tisanawerengere njira yobwerera. Waya wa 16 angataye pafupifupi 0.4. Koma bambo a Mphatso akaika nyali ya LED yodya amp imodzi ndi theka, waya wa 20 yemweyo ataya 0.3 yokha, ndipo jenereta ipumula ma amp atatu. Nthawi zina yankho la waya lili pa chinthu chimene chili kumapeto kwake.

Achimwene a ku Joni

Waya ndi timitu take ndikhoza kugula kuno n'kupatsira wobwera pa basi, mukanditumizira mndandanda wa manambala ndi kutalika kwake. Koma pali chinthu pa chithunzi chachinayi chimene chandisowetsa mtendere kuposa zonse, ndipo ndi pamene nkhani ya mawaya ndi ya kutentha zikukumana. Regulator, imene imawongola magetsi a jenereta asanapite ku batire, mwaimangirira kumunsi kwa chipupa chotchinga moto, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pa mphika wa ekizozi, pomwe mpweya wonse wotentha umadutsa potuluka. Kabokosi kameneka kamatentha pakokha pogwira ntchito, ndipo malire ake ndi madigiri 80. Kakapsa, batire limasiya kudzadza muli m'mwamba. Kasamutseni kapite pamalo ozizira, kaya kumwamba mutakakokera kapaipi ka mpweya wakunja, kaya kuseri kwa chipupa. Mawaya awiri achikasu ochokera ku jenereta amanyamula magetsi onse, ndipo timitu take tikakhala tolobodoka timatentha mpaka pulagi kusungunuka, choncho tifinyidwe bwino ndipo tiziyenderedwa. Sindinaonenso capacitor ya 22,000 microfarad, ya ma volt 25, imene buku loikira injini limafuna pafupi ndi regulator. Ndiyo imagwira magetsi kuti asalumphe batire likadulidwa injini ikulira.

Podutsa chipupa, waya aliyense akhale ndi kalabala m'bowo ndi chotchinga cha chitsulo chosachita dzimbiri, mpata wotsala n'kumatidwa ndi phala lopirira moto. Mawaya ayende pamwamba pa mapaipi a petulo, osati pansi pake, ndipo asamangiriridwe pa mapaipiwo. Pakati pa injini ndi chipupa asiyireni kutakasuka pang'ono, chifukwa injini imagwedezeka poyaka ndi pothima.

Mayi a Tiyamike

Achimwene andikumbutsa chinthu choopsa chimene aliyense wofika m'shedi imeneyo ayenera kuchidziwa. Moto wa mapulagi pa injini iyi sudalira batire. Uli ndi makoilo akeake, magulu awiri odziyimira paokha. Swichi siipatsa magetsi, koma imathimitsa pogwetsera waya ku efi. Tanthauzo lake n'lakuti waya wa swichi akaduka, kapena efi yake ikakhala pa penti monga lamba uja, injini imakhala yamoyo kiyi ali m'thumba. Ndipo injini imeneyi mwini wake amaizunguza pulopela ndi manja tsiku lililonse asanayeze oyilo, mpaka thanki itamveka kubwibwinya. Muzizunguza molowera kumene imazungulira yokha, thupi lili kunja kwa njira ya pulopela, ana ali kutali. Mawaya awiri amenewo akhale okutidwa ndi ukonde wachitsulo wolumikizidwa ku efi, ndipo pamapeto pa kuliza kulikonse muzitsimikiza kuti swichi iliyonse ikuthimitsadi gulu lake. Poyesa injini ikuzungulira ka 4,000 pa mphindi, gulu limodzi likathima liwiro la injini lisatsike kuposa 300.

Amakanika a ku Chitakale

Izi ndiye zachilendo kwa ine, chifukwa pa galimoto waya akaduka injini imafa. Fani ndaisiya. Koma ndifunse za nyengo yozizira: mukatseka mipata yonseyi chifukwa cha Okutobala, nanga mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa masiku anayi osaona dzuwa?

Achimwene a ku Joni

Limenelo ndi vuto labwino kukhala nalo. Oyilo sayenera kupitirira madigiri 130, amagwira bwino pakati pa 90 ndi 110, ndipo ndege siinyamuka asanafike 50. Akamangokhala pansi pa 90, chinyezi chimene chimasonkhana m'kati sichiuma, motero ndi bwino kuti pa tsiku louluka afikeko pa 100. Kuno nyengo yachisanu ena amaika thermostat ya oyilo, yomwe imaletsa oyilo kupita ku karediyeta asanatenthe, ena amangomata tepi ya aluminiyamu pa gawo la karediyeta ka oyilo n'kuichotsa kukayamba kutentha. Kuchepetsa kuzizira n'kwa mphindi ziwiri. Chimene muyenera kuchiopa kwanuko ndi mavu omanga zisa zadothi m'timabowo ta rediyeta ndi makoswe okonda chikopa cha mawaya, makamaka shedi ikayandikana ndi nkhokwe. Sokani zotsekera mabowo za nsalu yofiira, zomangidwa pa chingwe chimodzi kuti pochotsa musaiwale china.

Bambo a Mphatso (Loweruka m'mawa)

Ndabwera ndi zotsatira. Lachitatu ndinapala penti pa bawuti ya lamba, ndinakokera efi ya geji payokha kukafika pa chipupa, ndipo kulumpha kuja kwatheratu; nyali iyake kapena ithime, singano siisuntha. Lachinayi ndi Lachisanu ndinapinda kangalande ka malata otsala ku mapiko, ndipo pokhala labala wa silikoni ndilibe, ndayamba ndatseka mipata ndi tepi ya aluminiyamu pongoyesera. Potulukira sindinadule. Ndinapezanso kuti kathanki ka pamwamba kanali koperewera pafupifupi kapu imodzi, ndipo paipi yopita ku pampu inali itapindika pang'ono pa ngodya.

Lero ndaliza 7 koloko, kunja kuli madigiri 24, mphuno italoza kumphepo. Patatha mphindi 12 madzi anali pa 101 ndipo oyilo pa 92. Ndikudziwa kuti kuyerekeza m'mawa ndi masana n'kudzinamiza, choncho ndibwerezanso mawa 1 koloko, nthawi yomwe ndinaona 118 ija. Kapaipi ka aphunzitsi ndakapanga, ndipo pa 4,000 kakuonetsa sentimita imodzi ndi theka tepi ilipo, pamene nditaimatula mbali imodzi madzi anatsala pang'ono kufanana.

Mawaya ndayamba kuzula dzulo usiku, mayi a kunyumba akundiunikira. Achimwene, mndandanda ndikutumizirani Lolemba ndikatha kuyeza ndi chingwe njira ya waya aliyense. Regulator ndaichotsa kale pamalo paja. Chimene sindinatsimikize ndi chakuti ndiike kuseri kwa chipupa, pamwamba pa mapazi a wokwera naye, kapena ndiisiye mbali ya injini kumwamba ndi kapaipi ka mpweya.

Mayi a Tiyamike

Kuseri kwa chipupa kuli bwino ngati mungaimangirire pa lata lathyathyathya loti lizimwa kutentha kwake, mpweya uzizungulira momasuka, ndipo thupi lake likhale ndi waya wakewake wopita pa bawuti ya efi ija. Kumbukirani kuti mukatero mawaya achikasu adutsa chipupa, choncho apote pamodzi, apatseni bowo lawolawo, ndipo atalikirane ndi mawaya a mahedifoni ndi a mlongoti wa wayilesi, apo ayi mudzamva jenereta ikulira m'makutu. Musanabowole, tumizani chithunzi cha mbali zonse ziwiri za chipupa mutaika rula, tione kumene paipi ya petulo yadutsa.